Utoto wa ndege yomwe sinaulukepo

Pa makalata a sabata ino, imelo ya mnyamata wina ndiyo yandiyabwa. Akupenta Focke-Wulf Ta 183, ndege ya jeti ya ku Germany ya nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, m'gemu ya pakompyuta ya IL-2 Sturmovik: 1946, ndipo wina wamuuza kuti walakwitsa mtundu. Akufunsa kuti mtundu wake weniweni unali wotani.

Achimwene, walakwitsa bwanji? Ndegeyo sinaulukepo ngakhale tsiku limodzi. Anaijambula papepala ndi Hans Multhopp, pansi pa Kurt Tank, mkulu wa opanga ndege ku kampani ya Focke-Wulf, ndipo akuluakulu a asilikali a ku Germany anaisankha chakumapeto kwa nkhondo. Pofika April 1945 asilikali a Britain anali atalanda kale maofesi a kampaniyo. Injini yomwe ankaiwerengera, Heinkel HeS 011, nayonso inali isanakhwime. Utoto aupake pa chiyani?

Inenso zinandionekerapo. Ndinachezera usiku ndi laputopu yanga yakale, magetsi akungothimathima, ndikupenta ndege yomweyi. Nditaionetsa anzanga a gemu, bambo wina anandilembera ndime zitatu zoti kubiriwira kwanga n'kowala kwambiri. Analemba mwamphamvu ngati kuti anali m'fakitale tsiku lomwe ankapenta. Ndinamufunsa chithunzi cha ndege yeniyeniyo. Mpaka lero zii.

Ndipotu anthu oterewa amandisowetsa mtendere pa chifukwa china. Amakonda kunena kuti nkhondo ikanafika 1946, ndege zimenezi zikanasintha zonse. Ndi mafuta ati? Me 262, ndege ina ya jeti ya ku Germany yomwe inamenyadi nkhondo kuyambira 1944, nthawi zambiri inkangokhala pansi, ndipo injini zake za Jumo 004 zinkatha msangamsanga. Zigawo zake zina ankapanga ndi akaidi a ku Gusen, ndende yozunzirako anthu ya chipani cha Nazi ku Austria, m'mapanga okumbidwa pansi, ambiri n'kufera momwemo. Zimenezi okonda utoto sazitchula. N'chifukwa chake ine chizindikiro cha swastika cha chipani cha Nazi sindichiika kumchira, kaya wina anene kuti mbiri ndaipotoza.

Komanso papepala ndege iliyonse imauluka bwino. Tank atapita ku Argentina anapanga ndege ya Pulqui II kuchokera pa maganizo omwewa, n'kuuluka mu 1950, koma inavuta kwambiri liwiro likachepa ndipo oyendetsa ena anafa nayo. Messerschmitt P.1101 ndiye inatsala pang'ono kutha: asilikali a America anaipeza ku Oberammergau ku Germany, anaitenga, ndipo ndege yawo ya Bell X-5 ya 1951 inatengera pomwepo. P.1101 ndiye ndimaikonda kuposa Ta 183, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Nanga mupente bwanji?

Tengerani pa ndege zomwe zinalipodi kumapeto kwa nkhondo, Me 262 ndi He 162. Pa manambala a utoto a ndege za ku Germany, pamwamba RLM 81 (wa bulauni) ndi RLM 82 (wobiriwira), kunsi RLM 76 (wabuluu wotuwa). Mukafuna gulu, JG 7, yomwe inkauluka ndi Me 262, inali ndi malamba awiri chakumchira, wabuluu ndi wofiira. Musasalaze kwambiri ayi: nthawi imeneyo ankapenta mothamanga, mwina kunsi kungosiya chitsulo poyera. Koma kumbukirani kuti mapiko a Ta 183 anayenera kukhala a matabwa, ndiye mukamaika zokalika, pamapikopo pasang'anime ngati chitsulo. Mukamaliza nditumizireni chithunzi ndione.