Mbande zafa m'mtolo wa mapesi

Funso: Ndinawokera mbande za tomato m'mtolo wa mapesi a tirigu, koma patangotha masiku 3 zinafota n'kufa. Ndinalakwitsa pati?

Yankho: Munafulumira kuwokera. Mapesi akayamba kuwola, m'kati mwa mtolo mumatentha kwambiri moti mizu imapsa. Ikani mtolo mbali imene mapesi anadulidwa ili m'mwamba, zingwe zomangira mtolowo zili m'mbali, ndipo musazidule. Muziuthirira tsiku lililonse kwa masiku 14. Pa tsiku loyamba, lachitatu ndi lachisanu wazani theka la kapu ya urea, n'kuthirira kuti alowe. Masiku 14 akatha, pisani dzanja m'kati mwa mtolo. Ngati mukutenthabe, dikirani. Mukazizira, boolani timaenje, thirani kompositi wodzaza manja awiri, muwokere mbande ziwiri zokha. Bowa akamera musadandaule, ndiye kuti mapesi akuwola bwino, koma musadye.