Mwana wanga amasintha injini pagalaja: kodi apitebe kukoleji?

Mayi wina wa ku Ntcheu watilembera za mwana wake amene analemba mayeso a MSCE chaka chatha, ndipo tsopano amathandiza pagalaja ina pa boma, pomwe ntchito yaikulu ndi kuchotsa injini zotha m'magalimoto a Sienta n'kuikamo zina zogwirapo kale ntchito. Mwini galajayo akuti kukoleji n'kutaya nthawi. Koma mnyamatayo waona kuti magalimoto ambiri akasinthidwa injini, kagetsi kachikasu ka padashibodi, kochenjeza za vuto la injini, sikazimanso, ndipo anamva kuti kumaiko ena galimoto yotere imakanidwa poyezedwa utsi. Mayiwo akufunsa ngati alipire fizi kapena angomusiya pomwepo.

Mayi, mwana wanu waona bwino, ndipo yankho la funso lanu lili pa kagetsi komweko.

Injini ya galimoto yamakono imalamulidwa ndi kompyuta, yomwe imalandira uthenga kuchokera ku masensa oyeza mpweya wolowa, kutentha kwa injini ndi okosijeni wotsala mu utsi. Cholinga chake n'chakuti pa gawo limodzi la petulo pazikhala magawo pafupifupi 14.7 a mpweya, potengera kulemera. Muyeso umenewu ukasokonekera, catalytic converter, chipangizo cha paekizozi chokhala ndi miyala yamtengo wapatali ya platinum, palladium ndi rhodium, imalephera kusandutsa carbon monoxide, mafuta osapsa ndi nitrogen oxides kukhala mpweya wosaopsa kwenikweni. Masensa omwewa ndi amene amathandiza galimoto yochokera ku Balaka kuchepetsa yokha mafuta ikamakwera kupita ku Dedza, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kumene mpweya ndi wopepuka.

Tsono posintha injini pali ntchito ziwiri zosiyana kwambiri. Kuchotsa injini ya mtundu wa 1NZ-FE n'kuikamo 1NZ-FE ina sikuvuta kwenikweni, ngakhale kuti mapulagi ndi masensa nthawi zina amasiyana malinga ndi chaka komanso mtundu wa galimoto imene injiniyo yachokeramo. Koma munthu akafuna kuchotsa 1KR-FE ya masilinda atatu mu Vitz kuti aikemo injini ya masilinda anayi, afunika kusamutsanso kompyuta, mawaya onse, masensa ndi catalytic converter yogwirizana ndi injini yatsopanoyo, kenako n'kulunzanitsa kompyutayo ndi kiyi komanso giyabokosi. Apa ndi pamene amakaniko ophunzira ndi maso okha amagonjera. Ena amadula mawaya n'kulumikiza mongoyerekeza, ena amachotsa catalytic converter n'kukagulitsa chifukwa cha miyala yamtengo wapatali ija, ndipo kagetsi kakakana kuzima amakamata kapena kukazula. Galimoto imalira ndithu, mwini wake n'kulipira mokondwa, koma pakapita milungu amayamba kudandaula kuti ikumwa mafuta ndipo kuekizozi kwada ndi mwaye.

Kumaiko kumene amayeza utsi mosamala, chinyengo chotere sichibisika. Ku America galimoto zonse zing'onozing'ono kuyambira za 1996 zili ndi OBD-II, dongosolo limene kompyuta ya galimoto imadziyesera yokha n'kusunga zolakwika zimene yapeza, ndipo ku Ulaya dongosolo lofanana nalo linakhazikitsidwa pa galimoto za petulo mu 2001. Woyeza amalumikiza makina ake pa soketi ya mabowo 16 imene imakhala mmunsi mwa chiwongolero, n'kuwerenga zolakwika zimene kompyuta yasunga. Amaonanso ngati kompyutayo yamaliza kudziyesa yokha, moti amene wafufuta zolakwikazo m'mawa womwewo amagwidwa, chifukwa kufufutako kumabwezanso mayesowo poyambira. Ku California lamulo limati injini yoikidwayo ikhale ya chaka chofanana ndi galimotoyo kapena yatsopano kuposa apo, ikhale ndi zida zake zonse zochepetsera utsi, ndipo galimoto imene yaikidwa injini ya mtundu wina iyenera kukaonedwa ndi woyeza wapadera. Ku Britain, kuyambira 2014, galimoto ya dizilo imene yachotsedwa sefa yogwira mwaye imalephera mayeso a MOT, oona ngati galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo kuyambira mu Meyi 2018 kagetsi ka injini kakakhala koyaka pa galimoto yamakono, kameneko pakokha n'kokwanira kuilepheretsa. Magalimoto ambiri a pamsewu wa M1 anachokera ku Japan, kumene ankayezedwa atatha zaka 3, kenako pa zaka 2 zilizonse, choncho amafika kuno zida zimenezi zilimo. Amene amazichotsa ndife.

Kuno kwathu pali nkhani inanso imene mnyamatayo aizolowere msanga. Nambala ya injini imalembedwa m'mapepala a galimoto, motero mwini galimoto asunge risiti yosonyeza kumene injini yagulidwa ndipo akadziwitse a Road Traffic za kusinthako, kuti pasadzakhale mafunso pa nthawi ya COF kapena pogulitsa galimotoyo. Makaniko woika injini yosadziwika kochokera akhoza kudzayankha mlandu wa katundu wakuba.

Uphungu wanga ndi wakuti mulipire fizi, koma pagalajapo asachokepo kotheratu, chifukwa luso la manja limene akupeza pamenepo kalasi silingamupatse msanga. Azionetsetsa zolengeza za TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999, pamene likuitana ofuna kulowa m'makoleji a ntchito zamanja monga Lilongwe Technical College, ndipo asankhe umakaniko wa galimoto mophatikiza ndi zamagetsi a galimoto. Ngati mapointi ake ndi abwino ndipo Masamu ndi Fizikisi anakhoza bwino, ayesenso uinjiniya ku MUBAS ku Blantyre. Chingerezi asachinyoze, pakuti mabuku a makampani opanga galimoto ndi zimene makina oyezera amalemba zimabwera m'chinenero chimenecho.

Musanapereke ndalama ku koleji iliyonse, makamaka zoyendetsedwa ndi anthu wamba, pitani naye mukafunse ngati ndi yovomerezeka ndi TEVETA, ngati ili ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto, komanso ngati ophunzira amawagwira okha makinawo. Mufunsenso ngati amaphunzitsa za galimoto za hybrid, zoyendera mafuta ndi magetsi, monga Aqua ndi Prius, zomwe zikuchuluka m'misewu yathu, chifukwa mabatire ake amapitirira mavoti 100 ndipo angathe kupha munthu wogwira mawaya ake asanaphunzitsidwe kuzimitsa magetsiwo.