Kwa amayi amene mwana wawo bondo likumugwetsa atavulala pa mpira

Amayi, mwalemba kuti mnyamata wanu wa zaka 19 anapotokola bondo pa mpira miyezi itatu yapitayo, anamva kulira kuti phwa mkati, ndipo pofika madzulo bondo linali litatupa. Kuchipatala anamujambula X-ray n'kunena kuti palibe fupa lothyoka, koma mpaka lero akati akhote kapena atsike m'minibasi bondo limangopindika lokha n'kumugwetsa. Mwafunsa ngati mulole amalume ake apite naye kokatemera mphini, komanso ngati angabwerere m'bwalo poti kochi akumufuna. Pa mphini ndikuti ayi. Pa mpira ndikutinso ayi, kufikira bondolo litagwiridwa ndi munthu wodziwa za mafupa.

X-ray imaona mafupa basi. Amene anakuuzani kuti palibe chothyoka sananame, koma bondo si mafupa okha. Mkati mwake muli mitsempha iwiri yolimba yopingasana, yomanga fupa la ntchafu ndi la msongolo. Wakutsogolo madokotala amautcha ACL, ndipo ntchito yake ndi kuletsa msongolo kutsetserekera kutsogolo kapena kuzungulira pansi pa ntchafu. Mtsempha umenewu suoneka pa X-ray ngakhale utaduka kotheratu. Zitatu zimene mwatchulazo, kulira kuja, kutupa tsiku lomwelo ndi kugwa pokhota, ndizo zimachititsa dokotala aliyense wa mafupa kuyamba waganizira za ACL. Bondo likatupa m'maola ochepa chonchi nthawi zambiri amakhala magazi amene adzaza mkati. Ndipo kawirikawiri sipakhala womuchita faulo: phazi limakanirira pansi, thupi n'kutembenuka, basi.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti pakapita milungu ingapo kutupa kumaphwa, ululu n'kuchepa, munthu n'kumayenda bwinobwino ngakhale kuthamanga kumene. Zili ngati gudumu la ngolo limene bawuti yake yamasuka: panjira yowongoka liyenda, koma pokhota ndi pomwe limagwedera. Nthawi iliyonse bondo likagwedera chonchi, mafupa awiri aja amakhulana molakwika n'kumang'amba chichereŵechereŵe chimene chili pakati pawo, chomwe achipatala amati meniscus. Kugwa kobwerezabwereza kumeneku ndiko kumabweretsa nyamakazi ya bondo munthu akadali mnyamata. N'chifukwa chake nkhani ya kochi ndaikana msanga.

Chochita ndi ichi. Bwererani ku kliniki kwanu mukapemphe kalata yokutumizani ku Chipata Central Hospital, kwa a mafupa ndi a physio, amene amachiza ndi masewera olimbitsa thupi. Ngati muli chakufupi ndi Katete, ku St Francis nakonso nkhani za mafupa amazidziwa. Koma mwanayo akakalowa asakangoti bondo likuwawa, chifukwa pamzere pamakhala anthu ambiri ndipo wonena choncho amatuluka ndi mapilitsi a ululu. Akanene momwe zinachitikira: ndinamva kulira, linatupa tsiku lomwelo, limandigwetsa ndikakhota. Ngati nthawi zina bondo limakanirira osafuna kuwongoka mpaka ataligwedeza, akanenenso, pakuti chimenecho chimaloza ku meniscus. Anyamata a msinkhu uwu pamaso pa dokotala amangoti ndili bwino pang'ono, ndiye mulowe naye.

Kupima kwake n'kwa manja. Amamugoneka chagada, bondo n'kulipinda pang'ono, dzanja limodzi n'kugwira ntchafu, lina n'kukoka msongolo kutsogolo. Bondo labwino limasuntha pang'ono n'kuima nji. Lomwe mtsempha waduka limapitirira mofewa, osamveka poimira. Amayerekeza ndi mwendo winawo, choncho avale kabudula. Kupima kumeneku amakutcha Lachman, sikutenga mphindi ziwiri, ndipo m'manja mwa munthu wozolowera kumanena zambiri. MRI, njira ina yojambulira mkati mwa thupi, ndiyo imaonetsa mitsempha ndi meniscus bwinobwino, koma ndi yodula ndipo ambiri amatumizidwa ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 550 pa Great East Road. Musagulitse mbuzi kuthamangira MRI dokotala asanagwire bondo n'kunena yekha kuti ikufunika. Ngati muli ndi khadi la inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA, funsani msanga ngati mnyamatayo akadali pa dzina lanu poti wapitirira zaka 18. Ndaona wina wakulozerani ku Beit CURE ku Lusaka. Ntchito yawo ndi yabwino, koma chipatala chimenecho kwenikweni ndi cha ana, monga obadwa ndi mapazi opindika. Wamkulu ngati uyu njira yake ndi chipatala cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa ku Lusaka komweko, ndipo amapita ndi kalata yochokera kuno.

Za opaleshoni musachite nazo mantha, komanso musazithamangire. Si aliyense woduka ACL amene amachitidwa opaleshoni. Munthu amene ntchito yake ndi ya mu ofesi, m'sitolo kapena yoyendetsa galimoto angathe kukhala bwino ndi minofu yolimbitsidwa, bondo osamugwetsanso. Amene akufuna kubwerera ku mpira wolimbirana, wodumpha ndi kukhota mwadzidzidzi, kapena amene bondo likumugwetsabe ngakhale walimbikira physio, ndiye amafunika opaleshoni. Ndipo nthawi zambiri sasoka mtsempha wodukawo ayi. Amatenga chidutswa cha mtsempha wina, wa kumbuyo kwa ntchafu kapena wa pansi pa chivundikiro cha bondo, n'kuboola mafupa n'kuchimangirira m'malo mwa wakale uja. Kuchokera pamenepo mpaka kusewera mpira weniweni pamapita miyezi 9 kapena chaka chathunthu. Mwanayo ngati amatsatira mpira wa ku England amukumbukira Virgil van Dijk wa Liverpool, amene anaduka ACL mu October 2020 posewera ndi Everton, ndipo anadzaonekanso m'masewera a ligi mu August 2021. Ameneyo anali ndi madokotala ndi a physio omuzungulira tsiku ndi tsiku. Wa ku Kapata kapena ku Mchini kuno ku Chipata asayembekezere kuchira mofulumira kuposa apo.

Kaya opaleshoni idzachitika kaya ayi, poyambira ndi pamodzi: physio. Anthu akuno timaiona ngati chotonthozera chimene amakupatsa mankhwala akasowa, pamene pa vuto ili ndiyo mankhwala enieniwo. Ngakhale dokotala wa opaleshoni amafuna bondo lophwa, lowongoka mpaka pamapeto, ndi ntchafu yamphamvu asanalikhudze.

Yesani ichi madzulo ano. Tengani chingwe, muyeze kuzungulira ntchafu yovulalayo pamwamba pa bondo, pamtunda wa zala zinayi, muike mfundo. Muyezenso ntchafu inayo pamalo omwewo. Mudabwa kuona kuti yovulalayo yafota. Mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu umayamba kuchepa m'milungu yoyamba bondo likatupa, ndipo mnofu umenewu pamodzi ndi wa kumbuyo ndiwo ungagwirizize bondo pomwe mtsempha walephera. Chingwecho musunge, muziyeza mwezi ndi mwezi.

Podikira tsiku lakuchipatala pali zimene angachite pakhomo popanda choopsa. Akhale pamphasa miyendo atatambasula, aike kathaulo kokulunga pansi pa bondo, akanikize bondolo pansi mpaka ntchafu italimba gwa, awerenge mpaka 5, amasule. Abwereze ka 10, katatu patsiku. Kenako agone chagada, mwendo wabwino aupinde, wovulalawo aunyamule uli chiwongokere mpaka ufanane ndi bondo linalo, n'kuutsitsa pang'onopang'ono. Azikokanso chidendene cha kuthako n'kuchibweza, kuti bondo lisaume. Njinga ndi yabwino kwambiri, ndipo kuno ku Chipata sitisowa njinga: akweze chishalo, apalase pamalo athyathyathya, osati kukalimbana ndi zitunda za ku Kanjala kapena kunyamula matumba a makala. Likatupa pambuyo pake ndiye kuti wapyola muyeso. Aike madzi oundana okulunga m'nsalu kwa mphindi 15 kapena 20, mwendo atausanjika pamwamba, mawa lake achepetse. Kudumpha, kuthamanga mokhotakhota ndi kachipako ka pamsewu ndi anzake, zimenezo ziyambe zaima.

Tsopano za amalume. Akufunira mphwawo zabwino, ndipo mwina anaonapo munthu wobinya mwendo atatemeredwa n'kuchira. Kubinya wamba kumapola kokha m'milungu ingapo, kaya watemera kaya ayi, mphini n'kutenga ulemu. Koma mtsempha woduka uli pakatikati pa bondo, ndipo mankhwala opaka pakhungu safikako. Choopsa chenicheni ndi lezala ndi phulusa pamwamba pa mfundo imene yakhala ikutupa. Tizilombo tikalowa m'bondo timapanga mafinya amene amadya chichereŵechereŵe m'masiku ochepa, ndipo bondo loteroli likhoza kuuma moyo wonse. Palinso kafumbata. Muwauze mwaulemu kuti adokotala ayambe aona, ndipo ngati n'kotheka apite nawo okha kuchipatalako akaone msongolo ukusuntha m'manja mwa dokotala. Kuthowa ndi madzi ofunda panopa sikungamupweteke, kungoti sikulumikiza kanthu. Masiku oyamba aja ndiye kumawonjezera kutupa.

Pali zizindikiro zimene simuyenera kudikira nazo kalata kapena tsiku lopatsidwa. Bondo likatentha, kufiira, mwana n'kumva malungo ndi kukana kuliponda, pitani tsiku lomwelo ngakhale usiku. Chimodzimodzi katumba akatupa n'kumawawa, phazi likachita dzanzi kapena kuzizira, kapena bondo likakanirira lopindika osawongokanso.

Mwatchulanso kuti akumwa Brufen pafupifupi tsiku lililonse. Miyezi itatu yachuluka. Brufen ndi diclofenac ndi a gulu limodzi, amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuvulaza impso akamwedwa nthawi yaitali, ndipo sayenera kumwedwa onse awiri pamodzi kapena pamimba yopanda kanthu. Ululu ukakhala wochepa Panado akwanira. Chimene chimandikwiyitsa ine ndi chizolowezi cha m'matimu ena chomwetsa mwana mapilitsi awiri kapena kumubaya jakisoni mpira usanayambe kuti asamve kuwawa. Ululu umatha, koma bondo limagwederabe chimodzimodzi, ndipo tsopano palibe chomuchenjeza. Kabandeji kotanuka kogula pamsika nakonso kamangofunditsa ndi kumupatsa mtima, sikangaletse msongolo kuzungulira.

Kochi mumuuze kuti chaka chino mwanayo mulibe, ndipo adzabwerera a physio akadzalola. Iwo amayesa mphamvu za miyendo yonse iwiri, amamudumphitsa ndi mwendo umodzi n'kuyerekeza mtunda wake ndi wa mwendo wabwino, osati kungofunsa ngati kukuwawa. Ngati kochiyo ndi womva, mumuuze afufuze pa intaneti masewera otenthetsa thupi otchedwa FIFA 11+. Ndi aulere, amatenga mphindi 20, safuna zipangizo zapadera, ndipo amaphunzitsa osewera kutera ndi kukhota bondo osagwera mkati. Aphunzitsi a netball m'masukulu athu nawonso awaone, chifukwa atsikana ndiwo amaduka ACL kawirikawiri kuposa anyamata, ndipo mabwalo amene amaterapo m'chilimwe amakhala ouma gwa.