Kuwiritsa kumapha majeremusi, mankhwala amatsala mommo

Mayi a ku Chibavi mwafunsa ngati kuwiritsa madzi a pachitsime kumachotsa mankhwala osatha aja mwamva pa wailesi, komanso ngati boma lili ndi lamulo lake. Pa kuwiritsapo ayi ndithu. Moto kapena WaterGuard zimapha majeremusi a kolera ndi kutsekula m'mimba basi, koma zinthu ngati PFAS, PCB ndi DDT sizisuntha, mukawiritsa kwambiri madzi ndi amene amachepa mupoto, mankhwala ali phee.

Vuto lake sawola amenewa. PFAS amaigwiritsa ntchito popanga mapoto osamatirira aja ndi thovu lozimitsira moto, PCB inkakhala m'mafuta a ma transformer akale, DDT nde mankhwala ophera udzudzu ndi tizilombo aja agogo athu akuwadziwa bwino. Zikalowa m'nthaka kapena mumtsinje zimakhala zaka ndi zaka, zimaunjikana mu nsomba, m'thupi mwa munthu mpaka mu mkaka wa m'mawere.

Malamulo alipo. Malawi ili mu pangano la Stockholm la 2001 lomwe limaletsa kapena kuchepetsa mankhwala oterewa, mitundu iwiri ya PFAS anailowetsamo, PFOS mu 2009, PFOA mu 2019. Kuno kwathu kuli MEPA, bungwe loteteza zachilengedwe lomwe linabwera ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, Malawi Bureau of Standards (MBS) imaika miyezo ya madzi akumwa, Pesticides Control Board imaona za mankhwala a kumunda. Koma kuyeza PFAS si masewera, ku America mu 2024 anaika malire a 4 parts per trillion pa PFOA ndi PFOS, kachinthu kochepetsetsa kofuna labu ya makina odula kwabasi. Nde ine ndimati ife a pa mpopi tizifunsa a Northern Region Water Board kuti madzi a ku damu la Lunyangwa amawayeza chani ndi chani, bilu timalipira tokha, kufunsa si mlandu.

Inu a pachitsime nkhani ndi yosiyana, kachitsime ka kuseri kwa nyumba mlonda wake ndinu. Onani zomwe zili chakumtunda kwake, dzala lomwe amawotcherapo mapulasitiki, galaja yothira oyilo wakuda pansi, kapena munthu wa dimba akutsuka sprayer ya tomato madzi oyera ngati mkaka akutsetserekera kwanu. Zimenezo kanenani kwa a khonsolo kapena a zaumoyo.

Sefa ya activated carbon, makala okonzedwa mwapadera osefera madzi, imachepetsako PFAS, makala a pa mbaula musayese, si amenewo. Ndipo kuwiritsa musasiye mayi, makamaka nthawi ya dzinja mvula ya Mzuzu ikamadzaza zimbudzi.