Relay yanu sinapenge, achimwene

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata amene wangoyamba kumene ntchito ya zamagetsi pa fakitale ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Akuti relay ya dijito, kachipangizo koteteza makina podula magetsi pakachitika vuto, ikumathimitsa mota yaikulu pafupipafupi, ndipo akapitawo amuuza kuti akweze masetingi mpaka isiye kuvuta. Akufunsa ngati atero.

Achimwene, imelo yanu ndinaiwerenga katatu, ndipo usiku umenewo tulo sitinabwere.

Ine ndinayamba ntchitoyi masiku amene relay inali kambale ka aluminiyamu kozungulira kuseri kwa galasi. Inali nyengo ya mvula, tiyi atachuluka, mathirakitala akubwera odzaza masamba mpaka mdima, mafani ofotetsa masamba akulira usiku wonse. Mota imodzi inkangotripa. Bwana anandiuza mawu omwewo amene mwauzidwa inuwo. Ndinali ndi khanda kunyumba, ndinaopa kuchotsedwa ntchito, ndinakweza. Pasanathe sabata motayo inapsa, moto unalipuka m'panelo, ndipo mnzanga amene anaima pafupi anapsa dzanja. Mpaka lero zala zake ziwiri sizipindika. Titaitsegula tinapeza kuti bearing inali itagwira kalekale, relay ija inkanena zoona. Fungo la vanishi wopsa lija ndimalimvabe ndikalowa m'chipinda cha mapanelo. Mlandu unagwera ine, ndipo sindinakane, chifukwa dzanja limene linakweza linali langa.

Ndiye ndikamva munthu akuti relay ikuvuta, mtima umandiwawa. Ya dijitoyo ndiye siiganizira n'komwe, imachita kuyeza. Karenti ya pa waya imayamba yadutsa pa CT, kathiransifoma koyezera karenti, imene imaitsitsa kufika pa ampeya 1 kapena 5, ndipo VT, inzake yoyezera voteji, imatsitsa mavoti 11,000 kufika pa 110, kuti relay ilandire zimene ingathe kuzigwira. Magetsi athu m'Malawi muno amakwera ndi kutsika ngati funde ka 50 pa sekondi, choncho funde limodzi limatenga mamilisekondi 20 okha. M'kanthawi kameneko relay imasefa phokoso, n'kuyeza fundelo kambirimbiri, muyeso uliwonse n'kuusandutsa nambala. Manambalawo amalowa m'masamu a Fourier, amene amapatula funde lenileni la 50 kwa ena osakanikirana nalo. Apa m'pamene ndimaikondera. Thiransifoma ikangoyatsidwa imakoka karenti yambiri ngati pachitika shoti, koma mkati mwake mumakhala funde la ka 100 pa sekondi lochuluka. Relay ikaliona imadziwa kuti uku n'kudzuka chabe, siithimitsa. Kambale kathu kaja sikakanatha kusiyanitsa zimenezi.

Motanso poyamba kuzungulira imakoka karenti mwina kasanu ndi kamodzi kuposa ya masiku onse. Relay yoikidwa bwino imapirira masekondi amenewo, komanso imawerengera kutentha kumene kwaunjikana m'kati mwa mota, n'chifukwa chake imakana mukafuna kuyatsanso mota yotentha kachitatu motsatizana. Akapitawo amati ndi mwano. Ine ndikunenetsa kuti munthu amene sadziwa kusiyana kwa chitetezo cha mu relay chotchedwa nambala 50, imene imadula nthawi yomweyo, ndi nambala 51, imene imadikira ndipo imafulumira karenti ikamakula, asagwire masetingi, ngakhale akhale ndi zaka makumi atatu pa fakitale.

Kunotu kwathu magetsi ali ndi adani. Mphenzi za m'mbali mwa phiri la Mulanje, mitengo ya bulugamu yogwera pa mawaya a 33 kV, chiperoni chonyowetsa chilichonse mpaka m'mabokosi a ma cable. Namondwe wa Freddy atatiomba mu Malichi 2023 mapolo anagona m'matope, ndipo waya wogwa pansi amene sanadulidwe ndi relay akanapha aliyense wopondapo. Anthu amadandaula magetsi akathima mvula ikugwa, koma nthawi zambiri kumakhala kudula nthambi imodzi kuti vutolo lisakwere mpaka kumene magetsi akuchokera, ku Nkula ndi Tedzani. Chinanso chimene ambiri amaiwala ndi mabatire. Relay ikalamula, buleka, swichi yaikulu yodula magetsi, imatseguka ndi mphamvu ya mabatire, ndipo ndaonapo malo amene mabatirewo anafa kalekale popanda wodziwa.

Choti muchite

Musakweze. Tsegulani zimene relay inasunga, imalemba nthawi, phase (waya uti mwa atatu aja) ndi kukula kwa karenti pa kutripa kulikonse. Yerekezani ndi zolembedwa pa kachitsulo ka pa mota, onani ngati ratio ya CT, mlingo umene imatsitsira karenti, inalowetsedwa molondola, pimani mota ndi megger (chida choyezera ngati zokutira mawaya zikudontha magetsi), mverani bearing. Musamasule waya wochoka pa CT kupita ku relay karenti ikuyenda, voteji yake imapha. Akapitawo akaumirira, apempheni mwaulemu kuti alembe lamulolo papepala ndi kusainira, ndipo aitane injiniya amene anaika masetingiwo. Mukatero mundilemberenso, munditumizire manambala amene mwapezawo tiwaonere limodzi.