Galamafoni ya atate anu siinafe

Achimwene, mwati mwalumikiza galamafoni ya malemu atate anu ku home theatre pa AUX, polowetsera mawu ochokera ku zipangizo zina paja, koma mawu akumveka ngati udzudzu. Vuto si makinawo ayi. Singano ya maginito imatulutsa mphamvu yochepa kwambiri, komanso podinda mbale za nyimbo amachepetsa dala mabesi. Mufunika kabokosi kotchedwa phono preamp pakati pa galamafoni ndi AUX, ndiko kamakweza mawu n'kubwezeretsa mabesiwo. Kawaya kopyapyala kolendewera kumbuyo kaja musakadule, n'ka ethi. Kamangeni pa kasikuluwu ka preamp, apo ayi izingolira kuti huuu.

Yanga nditaitsitsa pamwamba pa wadiropu kuno ku Kapata, lamba wozunguliza mbale anali atasungunuka ngati phula, kumata zala zonse. Ndinapukuta ndi sipiliti n'kuika watsopano.

Werengani kaye kumbuyo musanayatse. Ngati palembedwa 110V 60Hz, magetsi athu a 230V aiwotcha, ndipo ngakhale mutaika thiransifoma, zambiri zimazungulira mochedwa poti ife tili pa 50Hz.

Singano yakaleyo itayeni ndithu. Yotha imakanda mbale, ndipo zodindidwa ndi kampani ya Teal ku Ndola zija sizipezekanso wamba.