Kuwedza bass uli kumtunda kuno ku Kasungu

Achimwene, mwafunsa kuti munthu wopanda bwato angakawedze kuti nsomba ya bass kuno ku Kasungu. Ndaona ena akuti "pitani ku Bua basi". Ku Bua nsomba ziliko, milamba ndi matemba mukabwera nazo, koma ngati mtima wanu uli pa bass mukangopsa ndi dzuwa pachabe. Nsomba imeneyi kwawo ndi ku North America. Kuno inabwera ndi anthu owedza mongosangalala, ndipo ankaithira m'madamu. Si ngati mpasa umene umachoka kunyanja n'kukwera Bua wokha kukaswa. Bass amafuna madzi odekha, osathamanga, oyererako pang'ono, ndipo damu limakhala naye pokhapokha ngati wina anathiramo kapena wasefukira kuchokera ku damu la kumtunda.

Ndiye yambani ndi madamu a m'maesiteti akale a fodya, aja ankathirira nazale. Alipo ambiri, kaya mbali ya Santhe, ya Chamama, kapena kulowera ku Mkanda ku Mchinji. Tsegulani Google Maps pa chithunzi cha satellite, muwaona okha ali mbuu pakati pa minda. Mukafika, funsani mlonda ndi anyamata oweta ng'ombe, iwo ndi amene amaona zotuluka m'madzimo tsiku ndi tsiku. Koma muwaonetse chithunzi pafoni, chifukwa ambiri akamva za nsomba ya kamwa lalikulu yodya zinzake amaganiza za sungwa. Bass mumuzindikira chonchi: nsagwada ya pamwamba imapitirira diso, m'mbali muli mzere wakuda wodukizadukiza kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo chipsepse cha pamsana chili ngati chagawika pawiri. Cha sungwa ndi chimodzi chosaduka. Mukapeza sungwa musanyoze, nayenso amamenya nyambo zomwezo ndipo pa nsima ndi wabwino.

Chilolezo musaiwale. Damu la pa esiteti lili ndi mwini wake, kapitawo kapena manejala mumuone kaye. La Chitete ndi la madzi akumwa a m'tauni muno, eni ake ndi a Central Region Water Board. La Lifupa lili mkati mwa Kasungu National Park, kumeneko simungangolowa ndi mbedza ngati kudambo kwanu, komanso muli mvuu.

Tsopano nkhani yeniyeni. Damu likhoza kukhala ndi bass wambiri inu n'kubwerako chimanjamanja, chifukwa sapezeka paliponse m'madzimo. Amabisalira ngati mphaka wodikira khoswe: amaima pambali pa chinthu, kansomba kakadutsa n'kukambwandira. Choncho pagombe loyera la mchenga, pomwera ng'ombe kapena pochapira, dutsani. Funani zitsa ndi mitengo yogwera m'madzi, m'mphepete mwa bango, udzu womira, masamba otambalala aja oyandama pamadzi, miyala, ngakhale chulu chimene chinamira pamene damu linkadzaza. Malo opambana onse ndi pamene zinthu ziwiri zakumana, monga chitsa chimene chili pomwe madzi osaya athera n'kuyamba kuzama mwadzidzidzi. Pamenepo nsomba imadya pamadzi osaya, ikadzidzimuka n'kutsetserekera pozama osayenda mtunda.

Vuto ndi loti zambiri mwa zimenezi sizioneka damu likadzaza. N'chifukwa chake ine ndimati mwezi wa Okutobala ndi Novembala, madzi ataphwera, muzungulire damu lonse wapansi, ndodo mutaisiya kunyumba ngati mungathe. Jambulani chitsa chilichonse, mulu wa miyala, ndi ngalande ya kamtsinje kakale imene imadutsa pansi pa damu. Pojambula muonetsenso mtengo kapena china cha kumtunda chimene sichimira, kuti mu Epulo madzi atabwerera mudziwe poponya. Munthu amene wachita zimenezi amaposa wa bwato amene akungoyendayenda pakati.

Malo awiri amene pafupifupi damu lililonse lili nawo ndi khoma ndi polowera madzi. Pakhoma ndi pamene wa kumtunda amafikira madzi akuya mosavuta, ndipo ngati anayalapo miyala, m'mipatamo mumakhala nkhanu ndi tinsomba. Makona awiri a khoma, pamene lakumana ndi gombe, muziyamba napo. Polowera madzi pamabwera chakudya ndi madzi ozizira bwino. Mphepo nayo muziiona: gombe limene mafunde akumenya ndi kumene tinsomba timasonkhana, ngakhale kuponya moyang'anizana ndi mphepo kumatopetsa.

Kaponyedwe ndi kamene ambirife timaphonya. Tinazolowera za milamba, kuponya kutali n'kukhala pansi kudikira. Bass nthawi zambiri ali pafupi ndi mapazi anu. Musanafike pamadzi penipeni, imani chapatali n'kuponya kaye pafupi. Kenako ponyani motsata gombe, kumanja ndi kumanzere, kuti nyambo iyende nthawi yaitali m'mphepete mwa bango. Yendani mwakachetechete, chithunzithunzi chanu chisagwere pamadzi, malaya oyera mbee asiyeni. Mukaponya kangapo popanda kugunda, sunthani. Uku ndi kuwedza koyenda, mpando sufunika.

Za nyengo ndingonena mwachidule. Juni ndi Julayi madzi amazizira, nsomba imachita ulesi n'kutsikira pansi, ndiye pitani dzuwa litakwera ndipo muzikoka nyambo pang'onopang'ono chakukhoma. Kuyambira kumapeto kwa Ogasiti madzi akayamba kufunda, zimabwera pamadzi osaya kudzaswa, ndipo wa kumtunda nyengo yake ndi imeneyi. Yaimuna imasesa kabwalo pansi n'kumalondera mazira, moti imaluma chilichonse choyandikira. Mukaigwira pachisa ibwezereni, apo ayi mazirawo adyedwa tsiku lomwelo ndipo chaka chamawa mudzadandaula nokha. Kukatentha kwambiri, m'bandakucha ndi chakumadzulo dzuwa likupendeka. Masana funani mthunzi wa mitengo. Mvula ikadetsa madzi bass amavutika kuona, ndiye spinner, nyambo yachitsulo yozungulira ikamakokedwa, imathandiza chifukwa imanyezimira n'kugwedeza madzi.

Ngati muli ndi ndodo ya reel (kachipangizo kokulungira chingwe), spinner imodzi ndi nyongolotsi zapulasitiki zokwanira kuyambira. Nyongolotsiyo mubise nsonga ya mbedza m'thupi mwake kuti isakodwe m'zitsa ndi mu udzu, chifukwa malo abwino ndi omwewonso odya mbedza. Chingwe chikhale cholimbirako, nsombayi ikaluma imathamangira kuchitsa, ina imadumpha n'kupukusa mutu kuti ilavule. Wopanda reel asadandaule. Nsungwi yaitali, twaini, kachidutswa ka patapata koyandamitsira, ndi temba lamoyo lokoledwa pamsana, kuika pambali pa bango, zimagwira. Kachule, chiwala ndi nyongolotsi zikuluzikulu za kudimba nazonso amadya.

Musalowe m'madzi mwachisawawa pofuna kuchotsa mbedza yokodwa. Madzi oima a m'bango ndi kwawo kwa nkhono za likodzo, ndipo damu limene lili pafupi ndi Bua, Rusa kapena Dwangwa mufunse za ng'ona musanaime pagombe m'mawa kuli chisisira. Jombo valani, mu udzu muli njoka.

China, pali anthu ofunsa ana a bass kuti akathire m'damu lawo la kumudzi. Musawapatse. Nsombayi imadya matemba ndi ana a makumba amene anthu amadalira pa ndiwo, ndipo damu likasefukira imalowa mumtsinje, pamene mitsinje yathu yonseyi imathera m'nyanja ya Malawi. Malamulo a za usodzi salola kusamutsa nsomba zachilendo popanda chilolezo. Wofuna mbewu ya nsomba apite ku ofesi ya za nsomba paboma, akamuuze za makumba kapena chilunguni.